A Ndauona Apita Kunja

Dzina loti Ndauona silinali la makolo. Analipeza pa bwalo la gofu, pomwe anagwira ntchito yonyamula zikwama za ndodo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Bwana akangomenya mpira, ukadali m'mwamba, iwo ankangoti, "Ndauona." Ndipo ankauonadi. Kaya wagwera m'maudzu ataliatali, kaya wabisala m'masamba a m'mphepete mwa mpanda, ankayenda molunjika ngati munthu wopita pakhomo pake, n'kukaima pambali pake, chikwama chili paphewa. Anzawo anayamba kuwatchula choncho mwachipongwe, mabwana anatengera, mpaka ngakhale akazi awo akapsa mtima ankati, "Inu a Ndauona inu, mchere uli pamaso panupo simukuuona?"

Wonyamula ndodo, amene pabwalopo amamutchula kuti kadi, si bulu wa katundu ayi. Amayenera kudziwa kutalika kwa pamene mpira uli ndi pamene pali mbendera ya pa dzenje, ndodo yoyenera pa khumi ndi zinayi zili m'chikwamamo, ndiponso mbali imene kapinga wa pafupi ndi dzenje wapendekera. Koposa zonse amayenera kudziwa nthawi yotseka pakamwa. A Ndauona zonsezi anali nazo. Makadi ankadikirira mabwana mu shedi ya malata kuseri kwa khitchini ya kalabu, momwe munali mabenchi awiri, mpopi umodzi ndi misomali yopachikapo majekete. Msomali wa pafupi ndi khomo unali wa a Ndauona, ndipo panalibe amene ankayerekeza kupachikapo chake.

Bwana wawo weniweni anali dokotala wa mano, bambo wamfupi, wa kamimba kake, wokonda kuseka, amene aliyense ankangoti a Dokotala. Lachitatu lililonse masana ndi Loweruka m'mawa, kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, awiriwa ankazungulira maenje khumi ndi asanu ndi atatu a bwalolo, wina patsogolo wina pambuyo. A Dokotala sanali katswiri. Mpira wawo unkakonda kumanja ngati unasiyako mkazi. Koma ankati akakhala ndi a Ndauona mtima umakhala m'malo, ndipo pa zaka zonsezo sanawerameko n'kamodzi komwe kuti aone ngati mpira wolozedwawo unalidi wawo.

Kunyumba kwa a Ndauona kunali kuseri kwa depoti ya mabasi: zipinda ziwiri, kakhonde, ndi kabwalo kotchingidwa ndi malata kodzaza ndi zingwe, chifukwa akazi awo ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Ana awo aamuna awiri anali atachoka kale kukasaka moyo kwina. Wotsala anali mzime wawo, mtsikana wosoka zovala pakhonde la sitolo ina, amene bambo ake ankamutchula kuti Telala.

Mdima sunawabwerere kutsogolo. Unabwera cham'mbali, mwakachetechete ngati mbala, osapweteka n'komwe. Poyamba ankangogwetsa makapu. "Ndani amaika kapu m'mphepete mwa tebulo?" ankatero, akazi awo n'kutola zidutswa. Kenako anayamba kugunda phewa pa mphuthu ya chitseko, ndipo pamsewu njinga zinkangoti balamanthu osadziwa kuti zachokera kuti. Kutsogolo kwenikweni ankaona bwinobwino, koma ngati munthu wosuzumira m'paipi, ndipo chaka chilichonse paipiyo inkachepa.

Tsiku lina madzulo atakhala pakhonde, Telala anafika kuchokera ku ntchito n'kuima chete kumanzere kwawo, pamtunda woti akanatha kuwagwira phewa. Anaima pamenepo dala. Patapita kanthawi bambo akewo anakuwira akazi awo amene anali m'nyumba.

"Mayi, kodi Telala sanabwerebe? Dzuwa lapita ili."

"Ndili pano, bambo."

A Ndauona anadzidzimuka, n'kutembenuza mutu wonse.

"Iwe, ukuyenda ngati mphaka bwanji?"

"Ndaima pano kalekale. Bambo, mawa tipite kuchipatala."

"Kukatani? Kuchipatalako amasesako mlongo wake wa kapitawo wathu. Ndikangokhala pa benchi ya odwala maso, dzuwa lisanalowe nkhani yafika ku shedi. Kadi wosaona angamutenge ndani?"

Akazi awo anatuluka atagwira simbi m'manja. "Bambo a mwana, wobisa matenda maliro amamuulula."

"Ndiye ine ndafa? Ndi ukalamba chabe uwu. Tandipatseni madzi ndisambe."

Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo nthawi zonse akaiyambitsa inkathera pa madzi osamba.

Chodabwitsa n'chakuti ku kalabu palibe anadziwa. Bwalolo a Ndauona ankalidziwa ndi mapazi, muzu uliwonse ndi kachulu kalikonse. Kamenyedwe ka a Dokotala nako ankakadziwa ndi makutu. Mpira ukamenyedwa bwino unkalira kuti thwa, ndipo unkagwera pakati. Ukakhudzidwa ndi nsonga ya ndodo unkalira mopepera, bwana n'kutsonya, ndipo pamenepo a Ndauona ankadziwa kuti ngati ndi pa dzenje lachisanu, wapita ku mitengo itatu ija, ngati ndi lachisanu ndi chinayi, uli m'ngalande youma. Ankayenda kupita komweko, n'kumayendetsa kawindo kawo ka maso pa udzu mpaka kanthu koyera kaonekere. Pakamwa pokha panali posasintha. "Ndauona, bwana."

Loweruka lina atamaliza masewero, akupukuta ndodo pafupi ndi galimoto, a Dokotala anawafunsa ngati ali ndi pasipoti.

"Ya chiyani, bwana?"

"Kuli mpikisano wa madala ngati ife kunja, masiku anayi. Mayi akunyumba akana, akuti kumazizira. Ndiye ndati ndipite ndi munthu amene amandipirira kuposa iwowo." Anaseka mpaka kamimba kanagwedezeka. "Zonse ndikonza ine. Inu mungojambulitsa chithunzi."

Nkhaniyo inawanda ngati moto wa m'chilimwe. Ku shedi ena anakondwa, ena nsanje inawagwira pakhosi. "Mukakafika pa bwalo la ndege musakaiike paphewa ndegeyo, imayenda yokha," anatero kapitawo, onse n'kufa nazo. Anansi a kuseri kwa depoti ankabwera kudzaona pasipoti, n'kumaigwira ndi manja awiri ngati khanda. Telala anawasokera jekete yokhuthala ya matumba anayi.

Kutatsala tsiku limodzi, akazi awo akusita mathalauza a paulendo, anayankhula osakweza mutu.

"Muwauze."

"Ndiwauza tikabwerako."

"Bwalo la eni simulidziwa, bambo a mwana. Kuno mumayendera mapazi. Uko mukayendera chiyani?"

"Udzu ndi udzu, mayi. Dzenje ndi dzenje."

Anayankha molimba. Koma ankadziwa kuti akazi awo akunena zoona. Kungoti kwa zaka makumi atatu ndi zinayi anali akumva mabwana akusimbirana za mabwalo a kunja, iwo ali chiimire pambuyo ndi chikwama, ngati chitsa. Tsopano mwayi unali utagogoda pakhomo pawo kamodzi kokha, pa ukalamba, ndipo mtima unakana kuubweza. Anadziuza kuti ndi masiku anayi okha, Mulungu sangawataye pa masiku anayi.

Pa bwalo la ndege anapeza nzeru. A Dokotala anali atavala chipewa chofiira, choncho a Ndauona anachiika chipewacho pakati pa kawindo kawo n'kumachitsatira ngati nyenyezi. Anagundana ndi anthu angapo, anaponda chikwama cha mayi wina, ndipo atafika ku hotela anamenya mphumi pa chitseko cha galasi kuti gu. A Dokotala anaseka.

"Zachilendo izi, madala. Inenso ulendo woyamba ndinalonjera galasi."

M'mawa mwake anafika pa bwalo la mpikisano, ndipo a Ndauona atangotsika galimoto mtima unagwa. Panalibe mtengo ngakhale umodzi. Panali timapiri ta udzu totsatizana, tofanana tonse, ndi udzu wautali wofiirira umene unkaweyuka ndi mphepo. Kumwamba kunali mbee ngati mkaka, mtundu womwewo wa mpira. Mphepo inkaomba osapuma, yozizira, yolowa m'makutu ndi kutulutsa misozi m'maso.

Anafunafuna shedi ya makadi kuti akalonjere anzawo, koma kunalibe. Osewera onse ankadutsa akukoka tingolo ta mateyala atatu, zikwama zawo zili pamenepo, ndipo tingolo tina tinkayenda tokha. Mayi wa pa desiki yolandirira alendo anayankhula ndi a Dokotala kwa kanthawi, akumuyang'ana mlendo wa jekete ya matumba anayiyo, kenako analowa m'chipinda china n'kukatenga kamalaya ka makadi kamene kankanunkha m'kabati.

"Akuti kuno makadi anasiya kalekale," anamasulira a Dokotala. "Aliyense amadzionera yekha. Amafuna andibwereke kangolo, koma ndawauza kuti ngolo ilibe maso. Ndawauza kuti lero aona zimene sanaonepo."

A Ndauona anamwetulira modzikakamiza.

Anawaphatikiza ndi osewera awiri a konko, bambo wina wamtali wa imvi ndi mnzake wosayankhulayankhula. Pa dzenje loyamba a Dokotala anaimika mpira, anagwedeza chiuno monga mwa chizolowezi chawo, n'kumenya. A Ndauona anatchera khutu, koma mphepo inalanda kulira kwa mpirawo usanawafike. Sanamve kanthu, sanaone kanthu. Pakamwa panayankhula pokha.

"Ndauona, bwana."

Anayenda kulowera kumanja, kumene mpira wa a Dokotala unkapita moyo wawo wonse. Koma mphepo inali itaukankhira kumanzere, ndipo woyamba kuuona anali bambo wamtali uja, amene anaimika dzanja kutali n'kuloza pansi. Pa gofu mpira ukasowa amakupatsa mphindi zitatu zokha zoufunafuna, zikatha wataya, ndipo umalangidwa. Tsiku limenelo anataya mipira itatu. A Ndauona ankapalasa udzu ndi mapazi, thukuta likutsika mkati mwa jekete ngakhale kunkazizira chotero, kwinaku akumva maso a osewera awiri aja pamsana. Kawiri anapunthwa m'mphepete mwa maenje a mchenga amene sanawaone, ndodo n'kulira m'chikwama kuti wayawaya.

Pobwerera ku hotela a Dokotala anawagwira bondo.

"Ndege yakutopetsani. Mugone bwino, mawa zikhala bwino."

Apo mpamene akanaulula. Koma bwana anali atawapatsa kale chifukwa chabwino, ndipo anachilandira ngati munthu womira wogwira udzu.

Tsiku lachiwiri zinayamba bwinoko, chifukwa a Ndauona ankaonera kumene osewera aja atembenuzira mitu mpira ukamenyedwa. Koma pa dzenje lakhumi ndi chimodzi onse atatu anamenyera kuseri kwa kaphiri, ndipo aliyense anapita kukasaka wake. A Ndauona analowa m'udzu wautali, misozi ya mphepo itadzaza m'maso. Mphindi imodzi inatha, yachiwiri inatha. Mwadzidzidzi kanthu koyera kanaonekera pakati pa kawindo kawo. Mipira ya a Dokotala ankailemba okha m'mawa uliwonse timadontho tiwiri tofiira, ndipo akanayenera kugwada n'kuyang'anitsitsa. Koma chimwemwe chinawaphimba nzeru.

"Ndi uwu, bwana!"

A Dokotala anabwera, analandira ndodo, ndipo monga mwa zaka zonse sanawerame. Anamenya bwino kwambiri kuposa tsiku lonselo. Mpira unakwera, n'kukatera pafupi ndi mbendera.

"Mwaona! Maso abwerera!" anafuula mokondwa.

Koma bambo wamtali uja anali akuzungulirabe m'udzumo. Atasowa wake, anayenda mpaka pa mbendera, anawerama, anatola mpira uja n'kuutembenuza. Unali ndi chizindikiro chake cha buluu. Sanakalipe. Anangouonetsa kwa a Dokotala pa chikhatho, nkhope ili zii. Kumenya mpira wa mnzako ndi mlandu pa gofu, ndipo ngakhale chilango chake ndi chochepa, manyazi ake ndi aakulu, chifukwa anthu osakudziwa amayesa ndiwe wakuba. A Dokotala anavula chipewa, anapepesa kawiri katatu, makutu atafiira.

Onse anabwerera kuseri kwa kaphiri kaja. Ndipo apo mnzawo wosayankhula uja analoza pansi. Mpira wa timadontho tofiira unali poyera, pa udzu wometa, mapazi asanu okha kumanzere kwa pamene a Ndauona anaima. Ngakhale mwana akanauona. A Dokotala anauyang'ana mpirawo, kenako anayang'ana a Ndauona nthawi yaitali, ndipo mpaka masewero anatha sanawafunsenso za ndodo kapena za mtunda.

M'chipinda chosinthira zovala, anthu atatha, a Dokotala anakoka benchi.

"Khalani pansi, madala. Yang'anani mphuno yangayi, musasunthe maso. Mukaona dzanja langa munene."

A Ndauona anayang'ana mphunoyo. Anadikira. Ankamva fungo la chikopa cha gulovu pafupi ndi tsaya lawo, ankamva ngakhale kamphepo ka zala zikugwedezeka, koma kumbaliko kunali bii. Akanatha kunama, koma mphamvu yonama inali itawathera pa kaphiri kaja. Dzanjalo linayenda pang'onopang'ono mpaka linatsala pang'ono kufika pa mphuno ya mwini wake.

"Ndaliona."

Anayesanso mbali inayo. Zinali chimodzimodzi, mwinanso kuposa.

"Kuyambira liti?"

"Zaka zinayi, bwana. Kapena zisanu."

"Zisanu!" A Dokotala anaimirira, anayenda mpaka pa khoma n'kubwerera. "Ine ndine dokotala, a Ndauona. Wa mano, inde, koma anzanga a maso ndimamwa nawo tiyi tsiku ndi tsiku. Mukanangonditsina khutu. Liwu limodzi lokha."

"Ndimaopa, bwana."

"Mumaopa ine?"

"Ndimaopa kukhala pakhomo."

A Dokotala anakhalanso pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Anazimasula nthawi yaitali kuposa mmene zingwe zimafunira. Munthu amene ankadziwa dzino lililonse lobowoka la mumzinda wawo anali asanayang'anepo m'maso mwa amene ankayenda naye kawiri pa sabata, ndipo zinkaoneka kuti zimenezi zikumuwawa kuposa mpira wa eni uja. A Ndauona ankalakalaka akanakalipidwa. Kukalipa kumatha. Koma bwana anangoti, ndi mawu ofatsa ngati a kwa wodwala, "Mawa mupume."

Tsiku lachitatu a Ndauona anakhala pa mpando wa pawindo m'nyumba ya kalabu. Mayi wa pa desiki anawabweretsera tiyi ndi kabanzi, anayankhula mawu ena achifundo amene iwo sanawamve, n'kubwerera ku ntchito yake. Kudzera pagalasi anaona chipewa chofiira chikutalikira, kangolo kobwereka kakutsatira pambuyo, mpaka zonse zinalowa kuseri kwa kaphiri koyamba. Maola anayi ndi theka anakhala pamenepo, manja ali pa maondo. Phewa lawo lamanja, lozolowera lamba wa chikwama, linkanyerenyetsa. Ndipo mumtima mwawo munali pemphero limene ankachita nalo manyazi: ankafuna bwana wawo asewere moipa. Ankafuna ataye mipira isanu, asokoneze ndodo, abwere atatopa n'kunena kuti popanda inu sizikuyenda.

A Dokotala analowa akuseka, masaya atafiira ndi mphepo.

"Madala! Simungakhulupirire. Chiyambire sindinaseweretu chonchi! Sindinataye ngakhale umodzi. Ukadziwa kuti palibe wokuonera, umauyang'ana wekha mpaka utagwa. Ndiye kangolo kaja, ukangodina batani kamakutsata ngati galu, ndipo kali ndi kagalasi kokuuza mtunda wa mbendera, osaphonya ngakhale phazi limodzi..."

Anaima pakati pa mawu. Anakhosomola, n'kuyang'ana kapu ya tiyi yosamwedwa ija.

"Komabe si chimodzimodzi. Ngolo sucheza nayo."

"Mwachita bwino, bwana," anatero a Ndauona. "Ndakondwa."

Tsiku lachinayi anakhalanso pa mpando womwewo.

Atatera pa bwalo la ndege la kwawo, pa lamba wotulutsa katundu panabwera masutikesi awo, chikwama cha ndodo, kenako katoni yaitali imene popita panalibe. A Dokotala anatambasula dzanja, koma a Ndauona anali ataikweza kale paphewa, poti manja awo sankadziwa kuonerera bwana akunyamula. Mkati munagubuduka kanthu, ndipo pa ngodya yong'ambika panatulukira mphira wa kateyala. Anainyamula mpaka ku galimoto, anaiika bwinobwino m'buti kuti isaphwanyike. Panjira yonse palibe anaitchula.

Kuseri kwa depoti anansi anali atadzaza pakhonde. A Ndauona anawasimbira za ndege, za chakudya cha m'timbale ta pulasitiki, za kuzizira koti ukayankhula pakamwa pamatuluka utsi. Anagawa tisopo ta ku hotela, anthu anaseka, anawomba m'manja. Akazi awo okha ndi amene sankaseka. Anthu atabalalika, anatseka chitseko n'kuima atatsamira.

"Adziwa?"

"Adziwa."

Sabata yomweyo a Dokotala anawakonzera zoonana ndi mnzawo wa maso, mayi wa magalasi ochindikala, ndipo Telala anawaperekeza. Mayiyo anawaika chibwano pa makina, anawaunika, anawauza kuti azidina batani akaona kadontho ka kuwala. Anadina kochepa kwambiri. Pomaliza mayiyo anavula magalasi ake.

"Bambo, sindikubisirani. Matendawa amapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono, ndipo pamene pafa sipadzukanso. Mukanabwera zaka zisanu zapitazo tikanapulumutsa pambiri. Panopa lamanzere latsala pang'ono kutha. Lamanja tiyesetsa kuligwira ndi mankhwala odonthezera, m'mawa ndi madzulo, moyo wanu wonse. Koma sindikulonjezani."

Telala analira mu minibasi njira yonse, osasamala anthu. Bambo ake ankangomusisita dzanja. "Usalire, mwanawe. Madzi akatayika saoleka." Mtsikanayo anachotsa dzanja lake. "Sanatayike okha, bambo," anatero, ndipo mawu amenewo anawalasa kuposa a dokotala wa maso.

A Dokotala sanauze munthu aliyense ku kalabu. Koma Lachitatu lotsatira anatsitsa kangolo kaja m'galimoto, anakonza mateyala, n'kudutsa nako kutsogolo kwa shedi atayang'ana pansi. Makadi anayamba kuseka kanthu koyenda kokhako, kenako mmodzimmodzi anatembenukira kwa a Ndauona, amene anali pa benchi atavala kale kamalaya ka ntchito, ndipo phwete linazima. Kapitawo anawaitanira kuseri. Sanavutike kufunsa zambiri, poti mlongo wake wosesa kuchipatala uja anali atamutsina kale khutu.

"Akulu, kuti ndikupatseni bwana wina ndiye ndikupalamulitsani. Bwanji muzikhala pa mpopi, muzitsuka ndodo za anthu akamaliza?"

Anakhala pa mpopi miyezi iwiri, ndi ndowa, burashi ndi kansanza. Ankazindikira mwini ndodo pongoigwira. Mabwana ena ankawalonjera mokweza mawu ngati matendawo anali a makutu. A Dokotala ankabwera nazonso zawo, ankafunsa za mankhwala, za mayi kunyumba, koma nkhani inkatha ndodo zisanaume, ndipo ankaima chotero akuyang'ana wotchi.

Loweruka lina m'mawa a Ndauona akupita kukataya madzi a mu ndowa, anadutsa kumbuyo kwa bwana wina wachilendo amene ankayeserera kumenya pafupi ndi malo oimika magalimoto. Anali kumanzere kwawo, ndiye sanamuone. Ndodo yachitsulo inawapeza pamwamba pa khutu. Anagwa chagada, ndowa uko, magazi chuchuchu pa kamalaya. Bala linasokedwa n'kupola, koma sabata yotsatira manijala wa kalabu anawaitanira mu ofesi, momwe pa zaka zonsezo anali asanalowemo. Anawapatsa mpando, anawayamikira kwambiri, anati kalabu singapirire kuona munthu wokhulupirika chotere akuvulala. Anawapatsa kalata yowapumitsa ntchito ndi mphatso yokulunga bwino.

Kunyumba akazi awo anaimasula. Inali wotchi ya pakhoma.

"Anthu awa mitu yawo imayenda?" anatero. "Munthu maso akutha, iwo akum'patsa choti aziyang'ana?"

A Ndauona anaseka, koyamba chibwerere kunja kuja, mpaka misozi. Kenako kusekako kunasanduka china, ndipo akazi awo anatuluka kukaanula zovala kuti awapatse mpata.

Mankhwala ankabwera mwezi ndi mwezi osaphonya, dalaivala wa a Dokotala ndi amene ankawasiya pa geti. Eni ake sanafikepo. Kamodzi anaimba pa foni ya Telala, anafunsa za moyo, anati bwalo lauma chaka chino, kenako anatsanzika kuti odwala akudikira. Diso lamanzere linazima chaka chisanathe. Lamanja linatsala ndi kabowo konga ka singano, kokwanira kuona nkhope ya munthu chidutswachidutswa, diso kaye, kenako pakamwa. Chaka chotsatira Telala anakwatiwa ndi makaniko wa pa depoti, ndipo mwamunayo atasamutsidwa ku ntchito anapita naye kutali. Telala analira potsanzika, analonjeza kuti azibwera mwezi uliwonse, ndipo miyezi yoyambirira ankabweradi.

Munthu amene anayenda makilomita khumi pa tsiku moyo wake wonse, miyendo siimva kuti ntchito yatha. Tsiku lina akazi awo atapita kukapereka zovala kwa makasitomala, a Ndauona anavala nsapato, anatsegula geti n'kuyamba ulendo. Sanali ndi cholinga chenicheni, ankangofuna kuyenda. Anadutsa depoti bwinobwino potsata khoma, koma pa mphambano yaikulu anapeza msewu ukukumbidwa, njira ya oyenda pansi itatsekedwa ndi malata. Anakhota, anakhotanso, ndipo posakhalitsa sanadziwenso kumene akuchokera. Mahutala ankalira mbali zonse. Woyendetsa njinga yamoto anawatukwana kuti ngati atopa ndi moyo akafere kwina. Anaima pakati pa msewu, manja ali m'mwamba, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anasiya dengu lake n'kuwakoka pa mkono.

"Agogo, mumakhala kuti? Ana anu ali kuti, kukusiyani chonchi?"

Anawafikitsa pakhomo atawagwira dzanja, anthu a mumsewu wawo akuonerera. Anapeza akazi awo ali pa geti, mpango uli m'manja, atazungulira kale depoti yonse akufunsa makondakitala. Sanakalipe. Anathokoza mayi wa nthochiyo, anawalowetsa amuna awo m'nyumba, anawavula nsapato n'kuwapatsa madzi akumwa. 

M'mawa mwake anagula loko ku hadiweya ya pa kona. Kuyambira pamenepo, akamapita kukapereka zovala amaika mpando wa amuna awo pamthunzi pakati pa zingwe, botolo la madzi kumanja kwake, n'kunena kuti sachedwa. Kenako geti imatsekedwa, ndipo kunja kumamveka kachitsulo kakuti kwatcha. A Ndauona sanafunsepo za lokoyo, ndipo akazi awo sanaitchulepo. Amakhala pamenepo mashiti a eni akuwadonthera pa mapazi. Nthawi zina mvula ikayamba mayi asanabwere, amaimirira, amapapasa chingwe, n'kuyamba kuanula chimodzichimodzi, mapegi akuika m'thumba la malaya.